Ampulifaya Yobwereka pa Ukwati wa ku Kawale

Ampulifaya ya gitala yanga ya besi ndinabwereka kwa bambo ena a ku Biwi, okonza mawailesi. Pondipatsa anandichenjeza kuti, "Batani la besi musalipitirize pakati, sipikayi ndi yakale."

Tsiku la ukwati holo inadzaza, ndipo gitala yanga sinkamveka. Woyimba ng'oma ankangondiyang'ana. Akwati atafika pakhomo, ndinapotoza batanilo mpaka kumapeto. Sipika inayamba kunjenjemera, kenako ndinamva fungo la waya wopsa. Ndinabweza batani msanga n'kumaliza nyimboyo ndikukhudza nsambo mofatsa, maso ali pa kanyali kofiira ka ampulifaya, kuopa kuti kangazime.

Lolemba ndinakaulula zonse. Bambowo anatsegula kumbuyo kwa ampulifayayo n'kununkhiza.

"Yapulumuka," anatero. "Koma pa ukwati wotsatira ndidzabwera ndekha, ndidzakhale pambali pake."