Lazanya ya ufa wa mpunga imene ndimadya ndekha

Tsiku limene ndinkakwatiwa, azakhali anga anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti: "Chakudya chimene wophika sanalawe pamaso pako usadye. Chimene akuphikira iwe wekha m'poto wapadera, patsa galu." Mawu amenewo ndawasunga zaka zoposa makumi anayi. Amuna anga anamwalira, mano anagweluka, koma mawuwo anatsala. Ndikulemba kuti mudziwe kumene anandifikitsa.

Ndimakhala ku Namacula, kuno ku Lichinga. Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Febuluwale chaka chatha, patangopita mwezi mwana wanga Armando atabwera kudzakhala nane pamodzi ndi mkazi wake Lurdes ndi ana awo awiri. Lurdes anakulira ku Nampula ndipo kaphikidwe kake n'ka m'tauni: masa yaitali ija ngati zingwe imene ena amati supageti, keke ya bolo Lamlungu lililonse, nsomba yopaka ufa wa tirigu asanaikazinge. Ndikadya, mimba inkatupa n'kulimba, kenako kutsegula, tsiku lina mpaka kasanu. Ena onse ankadya zomwezo osadwala.

Ine ndimaonetsetsa zinthu. Ndikapita kumunda ku Chimbonila, kumene ndinkadya mbatatesi ndi nyemba zophika ndekha, mimba inkakhala chete. Ndikabwerera kunyumba, yayambanso. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Lurdes ankalawa pamaso panga, sindikana, koma ndinati wochenjera amadziwa mbali ya mbale yolawa.

Mu Epulo ndinasiya kudya za m'manja mwake. Ufa, mchere ndi mafuta zinali m'khitchini momwe iye ankalowa, choncho nazonso ndinazitaya mtima. Ndinasankha chakudya chimodzi chimene wa m'nyumba sangachikhudze, pau, buledi wathu wa kuno. M'mawa uliwonse ndinkapita ndekha ku padariya kumene amamuphika, kugula atatu, kuwatsekera m'sutikesi, kiyi m'chiuno. M'mawa pau ndi tiyi, masana pau, madzulo pau. Matenda anakula. M'kamwa munatuluka zilonda, m'zigongono ndi m'mawondo tizilonda toyabwa, mapazi anatupa pamene thupi lonse linkatha. Chitenje chinayamba kundizungulira kawiri. Ndinati basi, wapeza kiyi wina.

Tsiku lina la mu Meyi ndinazinena pampope, pamaso pa amayi onse otunga madzi, kuti mpongozi wanga akundipha pang'onopang'ono. Sabata isanathe Armando anatenga mkazi wake ndi ana n'kusamukira ku Assumane. Sanakangane nane, anangonyamula katundu. Atachoka sindinapeze bwino, koma ndinati mankhwala analowa kale m'thupi. Kuchipatala sindinapite. Ndinkati a kumeneko sadziwa matenda a m'manja mwa munthu.

Sabata yachiwiri ya Julayi, Lachiwiri, kuzizira kuja kwa kuno kuli pachimake, ndinagwa pakhomo ndikutuluka kukagula pau. Anandipeza ndi mayi Amina oyandikana nawo, ogulitsa usipa, ndipo ndi iwo anandifikitsa kuchipatala. Anandigoneka tsiku lomwelo. Magazi anali ochepa kwambiri, anandiika madzi a soro, a m'dilipi aja, ndi magazi. Anayeza malungo, shuga, chifuwa chachikulu, njoka za m'mimba ndi matenda aja anthu amanong'onezana. Zonse sanapeze. Masiku ankafanana. M'mamawa namwino ndi choyezera kutentha, kenako okolopa amatulutsa otidikirira onse panja, kenako kudikira adokotala mpaka dzuwa likwere. Achibale a odwala anzanga ankandimvera chisoni n'kumandigawira pau. Ndinkalandira, chifukwa anali ochokera ku padariya.

Wondidikirira anali Lurdes. Armando ali pantchito, ana anga aakazi ali kutali. Ankabwera ndi phala la mpunga, n'kulawa mbali zonse zinayi za mbale, n'kundipatsa supuni. Ndinkadya theka.

Tsiku lachisanu ndi chinayi dokotala wina wamkazi anakhala m'mphepete mwa bedi n'kundifunsa zimene ndakhala ndikudya kuyambira Febuluwale. Ndinamuuza zonse, ngakhale za sutikesi. Anandifunsa, akunditchula agogo m'Chipwitikizi, kuti, "Vovo, kumunda kuja mumadyako pau?" Ndinati ayi, kulibe padariya. Ananditenga magazi ena otumiza ku Nampula, ndipo atatha kutenga anati kuyambira tsiku limenelo ndisadye kalikonse ka tirigu. Patatha masiku asanu kutsegula m'mimba kunachepa. Ndinatuluka nditagona masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Zotsatira zinatenga masabata asanu. Ndinapitako kawiri, kuima pabisha, pamzere uja, m'mawa wonse n'kuuzidwa kuti sizinafike. Ulendo wachitatu dokotala uja anati matenda anga ndi seliyaka. M'tirigu muli chinthu chotchedwa gluteni chimene matumbo anga amadana nacho, amanyuka n'kulephera kutenga chakudya. Mankhwala ake palibe, koma kusiya tirigu mpaka imfa. Anawonjezera kuti: "Poto wanu akhale wapadera, mthiko wapadera, sefa yapadera. Ngakhale kanyenyeswa ka pau kangakudwalitseni." Ndinakumbukira azakhali anga. Poto wapadera uja amati ndipatse galu ndi amene andisunge moyo. Ndipo amene ankandithira poizoni miyezi itatu yonse, katatu patsiku, anali mwini kiyi.

Mu Seputembala ndinali nditatopa ndi phala, thupi silinkabwerera, dokotala anadandaula. Lamlungu lina Lurdes anafika ndi dengu la masamba ndi paketi ya masa yopyapyala ngati mapepala, yopanda gluteni, imene mchemwali wake anatumiza kuchokera ku Nampula. Anati aphika lazanya. Ndinayang'ana paketiyo, timalemba take maso anga osationa, ndinati sindidya. Sanatsutse. Anaibwezera m'dengu n'kunena kuti, "Ndiye sinjani mpunga nokha, amayi. Ine ndizingonena."

Ndinasinja, kupumira kanayi, n'kusefa. Makapu awiri a ufa wa mpunga, kapu imodzi ya ufa wa chinangwa wosalala, mazira atatu, mchere, mafuta pang'ono. Ndinakanda n'kupyapyalitsa ndi botolo patebulo. Ufa wopanda tirigu sugwirana, umang'ambika. Umangomata ndi chala n'kupitiriza. Ndinadula zidutswa zonga chikhatho, kuziviika m'madzi owira ziwiriziwiri kanthawi kochepa, chifukwa zikakhalitsa zimasanduka phala. Mabilingano tinakazinga paokha kuti madzi achoke. Masamba a kovi, onga a repu, ndi karoti tinangofwafwaza. Tomato ndi anyezi ndi adyo anapsa mpaka msuzi unalimba. Msuzi woyera wa mkaka, umene ena amalimbitsa ndi tirigu, tinaulimbitsa ndi ufa woyera wa chimanga. Kenako kuyala m'chiwaya chakuya: tomato pansi, masa, masamba, msuzi woyera, masa, mpaka kudzaza, pamwamba keijo pang'ono, tchizi uja. Uvuni ndilibe. Tinaika makala pansi ndi pachivindikiro monga tichitira chigumu, ndipo itapsa tinaisiya izizireko kuti isaphwasuke podula.

Zonsezo Lurdes sanakhudze. Itazizira anatenga supuni, anadya pa ngodya zinayi ndi pakati.

"Ndalawa, amayi. Idyani."

Ndinadya zidutswa ziwiri. Ndinadikira mimba, sinanene kanthu. Ndinamuuza kuti Lamlungu lotsatira abwere ndi ana, ndidzaphika ndekha. Anali atanyamula kale dengu.

"Ana anamva kusukulu kuti mayi wawo amathira mankhwala m'chakudya," anatero. "Munazinenera pampope. Mukakanena pomwepo zimene adokotala anapeza, tibwera."

Papita chaka tsopano. Thupi labwerera, zilonda zinapola, magazi akwanira, ndimalimanso ku Chimbonila. Kuchipatala ndimapita miyezi itatu iliyonse. Ndinadwalanso kamodzi kokha, pamaliro, nditadya nyemba zimene wina anatakasa ndi supuni ya masa. Masiku anayi ndili chigonere. Kuyambira pamenepo pamaliro ndi paukwati ndimakhala manja ali pamiyendo, ndipo amayi omwe aja amati agogo awa kunyada. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Bodza langa analinyamula msanga mpaka ku Assumane. Za seliyaka ndinauzako awiri paokha, palibe amene anazipititsa ngakhale khomo lachiwiri.

Pampope ndimapita m'mawa uliwonse. Mawu amafika pakhosi, ndikaona nkhope zija zikudikira choseka, amabwerera. Choncho ndalemba pano, wodziwa kuwerenga akawerengere ena ali ndi zidebe m'manja: Lurdes, mkazi wa Armando, sanandithire kanthu. Anali tirigu. Ngati iye aone kuti pepala likukwanira, sindikudziwa. Iye anati pampope.

Inu amene mimba ikutupa mukadya, mukutsegula masabata osaleka, mukuonda pamene mukudya, pitani kuchipatala msanga, ndipo mukanene zonse zimene mumadya, ngakhale zimene mukuziona zosafunika. Musayambe ndi kufunafuna munthu. Ine ndinawerenga masiku molondola, koma ndinaloza chala polakwika, ndipo matumbo anapola msanga kuposa nyumba.

Lazanya ndimaphikabe Lamlungu lililonse. Chiwaya chake n'cha anthu asanu, sindinaphunzire kuphika yochepa. Ndimadya mpaka Lachitatu. A ku Namacula, mukaona chitseko changa chili chotseka dzuwa litakwera, gogodani, musadikire mayi Amina okha, nawonso akukalamba. Musabwere ndi chakudya, sindidya, ndipo musakhumudwe. Changa ndikupatsani. Ndiyamba kulawa ndine, pa ngodya zonse zinayi.