Ndinatsuka Manozo ndi Pini

Sukulu ndinaisiya chaka chachiwiri chisanathe, ndipo musandifunse chifukwa, andifunsa kokwanira. Anzanga a masikolashipu amene tinabwera nawo kuno kwa azungu anapitiriza kujambulitsa zithunzi ku Drumcondra atakulunga masikafu m'khosi. Ine ndinakapezeka ku Mulhuddart, pa kampani ina yaing'ono yopopera madzi a mchere m'misewu ya m'mafakitale ndi m'malo oimikapo magalimoto nthawi yozizira.

Ntchitoyo anandipezera ndi bambo ena a ku Balaka amene ndinkapemphera nawo mpingo umodzi. Ndinkawatchula achimwene. Anakhala zaka zambiri akudikira mapepala okhalira m'dziko muno, atawapeza anaphunzira kuyendetsa lole, ndipo nthawi imeneyo ankalimbana ndi zoitanitsa akazi awo ndi ana. Pa mapepala onse amene ankafunika, lalikulu linali kalata ya ntchito yomweyi.

Tsiku loyamba ndinaona lole yawo ikunyowetsa msewu wouma, dzuwa likuwala.

"Achimwene, mwadzala chiyani pa tala kuti muzithirira?"

"Tikuthira lero kuti mawa pasaundane."

"Koma chimene chimaundana ndi madzi. Inu mukuthira madzi."

"Muli mchere, iwe. Sukulu ija unaisiyira pomwepa eti?"

Sindinamvetse, sindinafunsenso.

Kumbuyo kwa lole kuli chitsulo chopingasa, ndipo pa chitsulocho pali timilomo ta pulasitiki totulukira madzi. Timati manozo. Mchere ukauma umatseka timabowo take. Ntchito yanga inali kuwamasula ndi kuwatsuka. Kapitawo, mzungu wolankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, anandipatsa ndowa ya madzi ofunda ndi kamswachi. Ananena zambiri, ndinamva theka, ndinagwedeza mutu.

Mswachi? Ine ndinakulira ku Chikwawa nditabereka sipuleya m'munda wa thonje. Kwathu nozo ikatseka umathyola munga kapena kutenga pini, kutokosa, kuuzira ndi pakamwa, basi. Bambo anga atero moyo wawo wonse ndipo thonje amakolola. Choncho ndinachotsa pini imene inkagwira zipi ya chikwama changa. Ntchito ya ola lathunthu ndinkaimaliza tiyi asanazizire, madzi n'kumatuluka mwamphamvu ndithu. Ndinkawayang'ana azunguwo n'kumati, anthu awa ndi ulesi wa mutu.

Patatha masabata awiri, thanki ya achimwene inayamba kutha asanamalize njira yawo. Malo omaliza anali ku Citywest. Tsiku lina madzi anathera pakati pa malo oimikapo magalimoto iwo osazindikira, ndipo m'mawa mwake galimoto ina inatsetsereka n'kukagunda mpanda. Palibe anavulala, koma eni malo anaimba foni atalusa. Kapitawo anati vuto ndi achimwene: kaya akuyenda pang'onopang'ono, kaya akubwereza malo amodzi. Anawalembera kalata yowachenjeza, nati zikachitikanso atsika pa lole.

Tinasokonezeka tonse. Achimwene anagona pansi pa thanki kufunafuna podontha, osapapeza. Anayang'ana pampu, ili bwino. Anayamba kuyenda mothamangirako, madzi n'kumathabe. Anafika pofunsa ngati pali wina pabwalo la kampaniyo amene akuwachitira chipongwe. Ine zinkandipweteka kuwaona ataonda nkhope, ndiye ndinaganiza zowathandiza mmene ndikanathera. Manozo a lole yawo ndinayamba kuwatokosa tsiku lililonse, kawiri.

Achimwene anandipeza masana ena m'shedi, pini ili m'manja, nozo ili pakamwa ndikuuzira.

"Iwe, ukutani?"

"Ndikutsuka."

"Ndi chiyani?"

Ndinawaonetsa pini, monyadira ndithu. Anakhala pansi pa thumba la mchere n'kugwira mutu.

"Mphwanga, akuuza kuti kuno ndi kumunda wa thonje?"

"Nanga si akutuluka bwino madzi?"

"Akutuluka, eee. Akutuluka ngati mpopi wa pa mjigo. Wayamba liti zimenezi?"

"Tsiku loyamba."

Sanandikalipire. Anatenga jagi yokhala ndi mzere woyezera madzi, anamanga nozo yatsopano pambali pa yanga ina, anayatsa pampu. Mphindi imodzi pansi pa yatsopano, madzi analekeza pa mzere. Mphindi imodzi pansi pa yanga, anapitirira mzere kutali. Ndinamasula zonse ziwiri n'kuziyang'ana padzuwa. Timabowo tinali tofanana. Ndinasinthanitsa manja, ndinatseka diso limodzi, tofanana basi.

"Achimwene, palibe kusiyana apa."

"Maso ako sangaone. Pini ikadutsa kamodzi pa pulasitiki, bowo lakula. Iwe wadutsamo kangati?"

Zimandizunguzabe mutu. Chinthu ndinachitsuka bwino kuposa mmene anandiuzira, ndipo n'chifukwa chake chinawonongeka.

Achimwene anati asintha manozo onse mwakachetechete, ine nditseke pakamwa chifukwa ndinali ndisanamalize mwezi woyeserera. Ndinawafunsa za kalata yochenjeza ija. Anati ikhale, anaonapo zoposa zimenezo. Ndinawafunsa ngati anthu a boma oona za mapepala aja sangaimve. Iwo anangokhuthula jagi.

Sindine munthu wabwino, ndipo ntchitoyo ndinkaifuna. Ndinazungulira bwalo kawiri. Kenako ndinalowa mu ofesi ya kapitawo n'kuika pini patebulo pake. Chingerezi chonse chinandithawa, ndinangoti lole ya achimwene, manozo, ine, ichi. Anayang'ana pini nthawi yaitali. Anandifunsa ngati sanandiuze tsiku loyamba kuti waya kapena singano zisayandikire nozo. Mwina ananena. Zinali m'theka limene sindinamve.

Kalata ya achimwene anaing'amba ndikuona. Ine anati ndimalize sabata, Lachisanu ndibweze jekete ndi majombo.

Lachisanulo achimwene anandipeza pageti.

"Ndinati ukhale chete."

"Munatero."

"Ndiye?"

"Ndiye ndalankhula."

"Chitsiru iwe," anatero, n'kundilanda chikwama, kuchinyamula okha mpaka pokwerera basi. Basi itafika anandiponyera chikwamacho n'kubwerera ku lole yawo. Sindidziwa ngati chitsirucho chinali cha pini kapena cha kulowa mu ofesi.