Thabwa pa Njinga ya Amayi

Loweruka, chakumapeto kwa Juni. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa yunifolomu pamene ndinamva njinga yamoto ikubwera ndi kanjira ka kwathu. Kuno ku Mwazisi njinga zimadutsa tsiku lonse, moti sindinadzutse n'komwe mutu. Koma iyi sinapitirire. Inazungulira mtengo wa mango n'kuima pakhomo penipeni, ndipo amene anavula chisoti anali amayi.

"Tasiya zochapazo, iwe! Bwera udzaone!"

Ndinathamanga thovu lili m'manja.

Amayi ndi alangizi a zaulimi. Tinabwera kuno kuchokera ku Dedza ndili wamng'ono, atawasamutsa kuntchito. Kuyendetsa njinga anayamba kalekale, koma ya kuntchito, imene saloledwa kukwezapo munthu ngakhale mwana wawo. Ya leroyi ndi yawoyawo. Aigula kwa mlimi wina wa fodya wa kutsidya kwa dambo, amene wagulitsa bwino chaka chino n'kudzigulira yatsopano.

Ndi yofiira, ndipo thanki lake lili ndi chipsera mbali imodzi. Ndinaligwira ndi chala chimodzi, linali lofunda ngati mphaka wogona padzuwa. Amayi ankaseka ngati mtsikana wa m'kalasi mwathu.

"Loweruka likubwerali palibenso zodikira matola," anatero. "Ndinyamuka m'mawa, pofika nthawi yoona ana ndili kale ku Phwezi."

Achemwali anga amaphunzira kusukulu yogonera konko. Chiyambire teremu ino sindinawaone. Bedi lawo ndimaliyala ndine ngakhale sagonapo munthu, ndipo ndawasungira nkhani zambiri zimene sindingazinene pa foni amayi ali pomwepo. Choncho nditamva za Phwezi ndinayang'ana kumbuyo kwa njinga kuti ndione pamene ndikakhale.

Panalibe mpando. Mlimi uja anachotsa mpando wautali n'kuikapo kampando ka munthu mmodzi. Kumbuyo anamangako thabwa lalikulu ndi mabawuti, lonyamulirapo mabelo a fodya. Zopondera mapazi za wokwera kumbuyo anazichotsanso, panangotsala timabowo tiwiri todzaza fumbi.

Amayi anamenya thabwalo ndi chikhatho. "Waliona? Apa pakwana ufa wa phala, mtedza, mbatata, bulangeti lina lija, zonse."

"Inde, pakwana," ndinatero.

Sindinawauzepo kuti ndimafuna kupita nawo. Ine ndi choncho. Mawu amafika pakhosi n'kubwerera okha.

Titadya masana, amayi anati akaionetse njinga kwa eni ake a nzeru. Ya kuntchito ikawonongeka amangoipereka kwa makaniko, koma iyi ayenera kuidziwa okha. Anandiuza kuti ndiwatsatire wapansi ndi kachigubu ka petulo.

Eni njinga a kuno amasonkhana pansi pa mkuyu wa pamsika, pafupi ndi bambo wowotcherera zitsulo. Pamene ndinkafika anali ataizungulira kale. Wina akufinya matayala, wina wagwada akusuzumira pansi, wina akununkhiza m'thanki. Ine ndinaima kumbuyo kwa amayi, kachigubu ndili nako pachifuwa.

Amene ankamveka kwambiri anali awiri. Woyamba ndi mnyamata wa kabaza amene njinga yake ili ndi magetsi abuluu kunsi, timbendera, ndi sipika pansi pa chiwongolero. Wachiwiri ndi akulu a mpingo wathu, mphunzitsi wopuma, amene njinga yawo ndi yakale kuposa ine ndipo amaipukuta ndi mpango m'mawa uliwonse. Chichewa cha akuluwa ndi cha m'buku, koma chimakwera ndi kutsika ngati Chitumbuka.

"Yakutowa chomene, amadamu!" anatero wa kabaza, kuyamikira kukongola kwake m'Chitumbuka. "Koma ili maliseche. Pakufunika tchaja ya foni apa, magetsi awiri owonjezera apa, ndi hutala ya lole. Anthu azidziwa kuti alangizi afika."

"Akufuna kufika ku Phwezi, osati kutsegula malo ovinira," anatero akulu a mpingo.

"Adada, inu khalani chete. Yanu ija imalira ngati chigayo."

"Imalira ngati chigayo, koma sinandiyendetsepo pansi. Tawauza amayiwa zimene zinachitika paukwati uja."

Anthu onse anaseka, ndipo wa kabaza anaphimba nkhope ndi chipewa. Akulu a mpingo anafotokoza okha. Mnyamatayu ankatsogolera mdipiti wa akwati, magetsi onse akuphethira, nyimbo ili pamwamba. Mwadzidzidzi pansi pa mpando panayamba kutuluka utsi. Mawaya a sipika anali atawalumikiza ku batire mwachindunji, n'kukulunga ndi pepala la shuga.

"Linali pepala labwino," anatero wa kabaza.

"Amama, mverani kuno," akulu a mpingo anapitiriza. "Tchaja ikani, foni ndi yofunika panjira. Koma musalole munthu adule waya wa njinga ndi lumo. Chilichonse chowonjezera chidutse pa fyuzi, ndipo chizizima mukazimitsa kiyi. Apo ayi, mudzadzuka m'mawa batire litatha, inu n'kumanamizira afiti."

"Pamenepo ndiye zoona," anavomera wa kabaza. "Ndipo tepi yake ikhale yakuda ija, ya magetsi."

Ndinadabwa kuti anthu okangana chonchi angagwirizane msanga choncho. Ndinkamvetsera zonse, ndikuzibwereza mumtima kuti amayi akaiwala ndiwakumbutse.

Kenako inabwera nkhani ya mafuta. Kuno petulo timagula wa m'mabotolo, chifukwa pothira penipeni ndi kutali. Amayi anaitanitsa botolo limodzi kwa wogulitsa wa pafupi. Asanalitsanulire m'kachigubu kanga, akulu a mpingo analilanda n'kuliloza kudzuwa.

"Muziyang'ana pansi pa botolo. Madzi akakhalamo amakhala pansi paokha, ngati diso. Uyu ali bwino." Kenako anatembenukira kwa ine. "Msungwana, bweretsa dzanja."

Ndinayang'ana amayi, iwo anagwedeza mutu. Akuluwo anandidonthezera kadontho pachikhatho.

"Ukumva bwanji?"

Maso onse anali pa ine. "Kuzizira," ndinanong'ona.

"Wati chiyani?" anafunsa wa kabaza. "Kodi mwanayu ali ndi batire?"

"Kuzizira," ndinabwereza mokweza pang'ono. Kadontho kaja kanali katauma kale, pakhungu patangotsala poyera.

"Ameneyo ndiye petulo," anatero akulu a mpingo. "Amazizira n'kuthawa. Akatsala noninoni padzanja, dziwa kuti wina wathiramo palafini. Ndipo pothira muzisefa ndi kansalu koyera."

Za kagulidwe ka zipangizo ndiye aliyense anali ndi zake. Wina anati chinthu chikawonongeka muzipita nacho kusitolo m'manja, chifukwa wogulitsa aliyense amati "chimalowa" ngakhale asanaione njinga. Wina anati tcheni musamagule chokha, mano ake akale amachidya msanga. Wa kabaza anati pulagi yapadera izikhala m'thumba nthawi zonse, pamodzi ndi sipanala yake. Amayi ankangoti "yewo, yewo," nkhope ili ngwee. Inenso ndinali nditayamba kusangalala, mpaka kuiwala za thabwa.

Analikumbutsa ndi wa kabaza yemweyo. Analigwedeza n'kupukusa mutu.

"Ili ndiye lofooka, amadamu. Msewu wa ku Bolero ulimasula mabawuti onsewa, mbatata zanu zikatoledwa ndi ana. Tichotse thabwa, tiwotcherere kaliyala yachitsulo, yotakata, kuchokera apa mpaka apa. Miyendo yake igwire m'timabowo iti. Ikakhala yakhala, mpaka njinga idzafe."

Timabowo timene ankaloza ndi tija ta zopondera mapazi.

Ndinayembekeza kuti akulu a mpingo atsutsa monga mwa nthawi zonse. Koma anati, "Apa mwana wanga wanena zanzeru." Amayi anati ngati n'zotheka lero lomwe, zichitike. Bambo wowotcherera anakoka nthambo zake, n'kuyamba kusankha zitsulo pamulu. Anayeza chimodzi pa njinga, n'kutsitsa galasi lake lakuda kumaso.

Ndinaona kuti akangowotcherera, sipadzakhalanso mpando, Loweruka likubwerali kapena lina lililonse. Ndinafinya kachigubu mpaka kanalira.

"Nanga ine ndikhala pati?"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Wowotcherera anakweza galasi. Ine ndinkafuna kulowa m'kachigubu momwemo.

Amayi anatembenuka. "Iwe, umafuna kupita nawo?"

Ndinagwedeza mutu.

"Nanga osanena bwanji, mwanawe?"

"Munati ndi pa ufa."

Wa kabaza anagwa pansi ndi kuseka. "Amadamu! Ufa uli ndi mchemwali wake ku Phwezi?"

Onse anaseka, koma sikunali kuseka kopweteka. Amayi okha sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikonza kolala ya bulauzi ngakhale inali bwinobwino.

"Abambo, pepani, bwezani zitsulo zanu," anauza wowotcherera. "Ufa ulowa m'chikwama, mwiniwakeyu aubereka kumsana. Mbatata zitsala."

Pamenepo malangizo onse anatembenukira kwa ine! Wa kabaza anati ndidzavale thalauzi, kapena chitenje ndidzachipinde n'kuchikhalira, chifukwa chikalendewera tcheni chimachikoka. Anaonanso kuti chotchingira tcheni palibe, n'kunena kuti chimenecho chigulidwe msanga kuposa tchaja. Anandionetsa paipi ya utsi.

"Iyi ndi mdani wako, mlongo. Uzitsikira kumanzere. Atsikana onse a kuno ali ndi chidindo changa pakatumba, chifukwa samva."

"Chisoti ndikubwereka cha amayi akunyumba," anatero akulu a mpingo. "Koma umange lamba wake. Chisoti chosamanga ndi mphika chabe."

Kenako anachita chinthu chimene anthu akuti sanachionepo. Anatulutsa kiyi wa njinga yawo n'kupatsa amayi. "Muyeseni kaye mwanayu. Mukafike pa mjigo n'kubwerera. Pang'onopang'ono, chonde."

"Adada abwereketsa chigayo!" anakuwa wa kabaza. "Lero kugwa mvula!"

Ndinakwera. Mapazi anapeza zopondera okha. Ndinagwira amayi m'chiuno, ndipo tinanyamuka. Sindidziwa kuti ndingazilembe bwanji. Mphepo ya Juni inalowa m'manja mwa bulauzi, masitolo ankabwerera m'mbuyo, mbuzi inathawa. Ndinamva fungo la sopo pamsana pa amayi, lomwe lija ndinkalimva akandibereka. Pokhota pa mjigo ndinachita mantha n'kuwafinya, iwo n'kukuwa kuti, "Usalimbane nayo, pendekeka nane!" Ndinapendekeka nawo, ndipo njinga inakhota yokha ngati ikudziwa njira. Pobwerera ndinazindikira kuti ndikuseka pakamwa pali yasa, pamaso pa anthu onse a pamsika. Ndinatsikira kumanzere, wa kabaza n'kuwomba m'manja.

Chatsala ndi mpando ndi zopondera za njinga yathu. Wina anati ku Rumphi zimapezeka, koma akulu a mpingo anakana. Anati zambiri za m'sitolo ndi zopepuka, zimapindika munthu akangoponda mwamphamvu, ndipo mpando wosakhala wake umagwedera. Zabwino ndi zimene njinga inabwera nazo.

"Mlimi ameneyo ndinamuphunzitsa ine," anatero. "Sataya kanthu, ngakhale msomali wopindika. Mukapita mukazipeza zili pachigafa, zitapachikidwa kudenga. Sangakanize. Anangoganiza kuti alangizi nawonso azinyamula mabelo."

Pobwerera kunyumba amayi anakankha njinga kuti tiyendere limodzi. Anandiuza kuti mawa tikaweruka kutchalitchi ali ndi msonkhano wa amayi a mpingo mpaka madzulo, ndipo mkati mwa sabata akhala ali kumidzi. Ngati mpando ukufunika usanafike Loweruka, wokautenga ndine.

"Amene akufuna kukhalapo akaupemphe yekha," anatero, akumwetulira. "Lero ndamva kuti mawu uli nawo."

Mlimiyo Chichewa amamva pang'ono chabe. Ine Chitumbuka ndimachimva chonse, koma kuyankhula ndimaopa, chifukwa anzanga a kusukulu amati ndimachiyankhula ngati ndikuwerenga chikwangwani. Ndakhala pakhonde chifikireni, ndikuyeserera chapansipansi, nkhuku zikundiyang'ana. Yunifolomu ija ndinaiiwala m'beseni, ndaiyanika posachedwapa dzuwa litapendeka kale. Njinga ili apa pambali panga, ndipo timabowo tija ndatichotsa fumbi ndi kamtengo.

Mawa ndikangotuluka m'tchalitchi ndiwoloka dambo ndekha. Ndikafika pakhomo ndikagwada, ndikapereka moni wa Chitumbuka mokweza kuti asachite kufunsa kawiri, kenako ndikapempha mpando, zopondera ziwiri, ndi chotchingira tcheni ngati chilipo. Nditenga chitenje chakale chopangira nkhata, chifukwa mpandowo ndibwera nawo pamutu.