Fulu Kuseri kwa Nyumba Yathu

Achimwene anga amayendetsa thirakitala pa famu ina ya fodya ku Matepatepa. Chaka chimene amayi anamwalira, mvula yoyamba itangogwa, anabwera kwathu ku Chiwaridzo, kuno ku Bindura, atanyamula chitini cha majalini choboolaboola ndi msomali pachivundikiro. Mkati munali kafulu kocheperako poyerekeza ndi dzira la nkhuku. Anati anakaona kakuyenda mumzere umene anali atangogaula, ndipo akanakasiya, akhwangwala amene amatsatira thirakitala akanakatola.

"Nanga ine ndikatani kameneka, achimwene?" ndinafunsa.

"Ungokasunga. Sikadya zambiri," anayankha. Madzulo omwewo anakwera kombi kubwerera kufamu.

Nthawi imeneyo ndinali nditabwerera pakhomo kudzakhala ndi bambo. Ndinkagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala m'tauni. Bambo anali atapuma ntchito ya mumgodi kalekale, ndipo chifuwa chinkawavuta. Chimwalirireni amayi, ankangokhala pampando wa pakhonde tsiku lonse, wailesi ikulira pambali, iwo osaimvetsera.

Poyamba kafulu kaja ndinakaika mubeseni lochapira, m'khitchini. Ndinkakapatsa buledi wonyowetsa ndi mkaka ngati kamwana ka mphaka, koma sikankadya. Kankangozungulira, tizikhadabo tikuterereka papulasitiki. Tsiku lina bambo anaima pakhomo la khitchini n'kukayang'ana kwa kanthawi.

"Fulu sakhala mubeseni, mwanawe. Amafuna dothi ndi dzuwa," anatero.

Mawa lake ine ndili kuntchito, anatulutsa beseni lija n'kuliika pabwalo padzuwa lowamba, iwo n'kugwidwa ndi tulo pampando. Atadzuka anakapeza kakutulutsa thovu kukamwa. Anakathira madzi n'kukaika pamthunzi, ndipo kanatsitsimuka. Pondiuza madzulo sanabise kanthu. Ine ndinafufuza pafoni n'kupeza kuti mkaka wanga uja nawonso unali wolakwika. Tinagwirizana zokamangira malo akeake.

Tinasankha kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mabulosi, pamene dzuwa limafika m'mawa koma masana pamakhala mthunzi. Panali njerwa zimene zinatsala pomanga mpanda. Bambo anasunthira mpando wawo kumeneko n'kumandiuza poika njerwa, ine n'kumasanja. Pansi tinathira dothi losakaniza ndi mchenga. Tinavundikira phale la mphika wosweka pakona kuti kazibisalamo, ndipo madzi tinaika m'sosala yosaya, poopa kuti m'mbale yakuya kangamire. Pamwamba tinakuta ndi waya wa khola la nkhuku, chifukwa makoswe ndi amphaka ndi ambiri m'dera lathu. Ntchitoyo inatenga Loweruka lonse, popeza bambo ankati ndigumule paliponse pamene njerwa zasiya mpata.

Kanayamba kudya. Kankakonda chisoso, bonongwe ndi maluwa a dzungu. Repu kankangomuluma pang'ono n'kumusiya. Ndinkasinja zikungwa za mazira n'kuwaza pamasamba kuti chigoba chilimbe. M'mawa uliwonse bambo ankatsika pang'onopang'ono kupita m'mbali mwa ngalande kukathyola masamba, n'kubwera akupuma movutikira. Ndinawaletsa kangapo, kenako ndinangowasiya, chifukwa kunali kuyenda kokhako kumene ankayenda.

Bambo ankakayankhula m'Chichewa, chiyankhulo cha kwawo ku Malawi. Ife ana tinakula tikuyankhula Chishona panja ndi kusukulu, ndipo bambo tinkawayankha mosakaniza. Munthu amene ankacheza naye m'Chichewa chokhachokha anali amayi. Tsopano ndikamachapa kuseri ndinkawamva akufotokozera kafulu za nyengo, za mtengo wa feteleza, nthawi zina za anzawo a mumgodi amene anamwalira.

Mayi woyandikana nafe, amene ndimapemphera naye mpingo umodzi, nayenso anawamva. Anandiimitsa pampopi n'kundifunsa m'Chishona kuti kamba tikumusungiranji, nanga madala amamuuza chiyani m'chiyankhulo cha kwawo. Ndinamuuza kuti n'chiweto chabe. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire. Kuno anthu ambiri amaganiza kuti madala aliyense wochokera ku Malawi ali ndi mankhwala.

Posakhalitsa kunabwera mayi abusa ndi azimayi ena awiri. Bambo anavala jekete, anawalandira, n'kuwatsogolera kuseri. Anakweza waya uja. Kafulu kanali pakati pa kudya duwa la dzungu ndipo sikanasiye.

"Kodi kamagwira ntchito yanji, madala?" anafunsa mayi abusa.

"Sikagwira ntchito, mayi. Kamadya n'kugona, ngati ine ndemwe," anayankha bambo.

Mayi abusa anaseka pang'ono. Anapemphererabe nyumba, bambo ndi chifuwa chawo, n'kutchulanso zolengedwa zonse za pakhomo. Anamwa tiyi n'kumapita. Kutchalitchi nkhaniyo inathera pomwepo, koma m'misewu inapitirira. Madzulo ena kunafika munthu wina wa makorokoza, aja okumba golide m'maenje akale, thalauza lake lili lofiira ndi dothi. Anati wamva kuti tili ndi kamba woloza pamene pali golide, ndipo akufuna kumugula. Bambo anamufunsa ngati nyumba yathu ikuoneka ngati ya anthu odziwa pamene pali golide. Munthuyo anayang'ana malata athu adzimbiri, koma anakakamirabe mpaka ndinachita kumutsekera geti. Kuyambira tsiku limenelo waya uja tinkaumanga ndi tcheni n'kutseka ndi loko.

Nyengo yozizira itafika, kafulu kanalowa m'phale n'kusiya kudya. Ndinkakatulutsa kuti ndione ngati kali moyo, ndipo ndikakakhudza mwendo kankaubweza mkati mwaulesi. Ndinathira udzu wouma m'phalemo n'kuphimba mbali ina ya waya ndi saka. Kuzizira komweko kunawonjezera chifuwa cha bambo. Achemwali anga a ku Harare anabwera kudzawatenga kuti akakhale pafupi ndi chipatala chachikulu. Asanakwere galimoto, bambo anapita kuseri, anasuzumira m'phale, n'kundiuza kuti ndisamakasokoneze kawirikawiri.

Ndikawaimbira foni ankayamba ndi kufunsa ngati katuluka. Ndinkati ayi, ndipo kenako tinkakamba za mankhwala awo. Anamwalira kutentha kusanayambe. Tinawaika kuno ku Bindura, pafupi ndi amayi.

Kafulu kanatuluka patapita masabata angapo, m'mawa wina ndikukonzekera kupita kuntchito. Kanamwa madzi kwa nthawi yaitali, mutu uli m'sosala, kenako kanadya masamba onse amene ndinakaikira. Ndinajambula chithunzi n'kutumizira achimwene ndi achemwali.

Panopa fuluyo wakula ngati mbale yaing'ono, ndipo malo ake ndawakuza kawiri konse. Ndinadzalamo chisoso ndi udzu kuti azidzithyolera yekha ndikachedwa kuweruka. Achimwene amati ndiwapatse akamusiye m'phiri la kuseri kwa famu, kumene kuli anzake. Ndinawafunsa ngati moto sufikako m'chilimwe, ndipo anavomera kuti umafika chaka ndi chaka. Ndawauza kuti tidzakambirananso mvula ikagwa.