Pikapu Yokankha ya Abambo

Abambo atapuma ntchito yaudalaivala ku esiteti ya tiyi, anagula pikapu yakale imene inkangochita dzimbiri kuseri kwa fakitale. Sitata yake inali itafa kalekale. Choncho madzulo aliwonse ankaiimika kumtunda kwa nyumba yathu kwa Mphuka, itayang'ana kumtsetse, mwala uli kutayala. M'mawa ankachotsa mwalawo, anthu n'kukankha, iyo n'kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya, kenako n'kulira mpaka agalu a kutsidya kuyamba kuuwa.

Abambo anali ndi lamulo lawo, loti amene wakankha asalipire. Amayi opita ndi masamba a tiyi ku sikelo ankakankha, opita ku chigayo ankakankha, ndipo wodwala ankamukankhira omudwazika. Olipira anali ochepa, makamaka aphunzitsi obwera amene ankaopa kudetsa malaya. Petulo abambo ankamusunga m'njira yawo. Pamtsetse uliwonse ankazimitsa injini, galimoto n'kumatsetsereka zii pakati pa minda ya tiyi, ife kumbuyo tikumva othyola akuitanizana m'Chilomwe. Nthawi imeneyo ndimaisowa mpaka lero. Anthu akwathu anazolowera kuti galimoto ikamayenda osalira ndiye kuti posachedwa ifuna manja.

Zaka zaposachedwazi petulo anakwera mtengo, n'kuyambanso kusowa. Abambo, imvi zili mbuu, ankakhalitsa pamzere ku boma ndi chigubu, n'kubwerako chimanjamanja. Akampeza, penshoni yonse inkathera mu thanki, amayi anga n'kumamwa tiyi wopanda shuga. Zinkandipsetsa mtima, ndipo sindinkabisa.

Ndiye achimwene anga a ku Blantyre anagula galimoto ya magetsi, ya mtengo woti munthu n'kumangira nyumba ya njerwa zootcha. Tsiku limene anabwera kudzaionetsa, inakwera chitunda cha kwathu mwakachetechete, pang'onopang'ono chifukwa cha makumbi. Amayi amene anali pa mjigo ataiona anasiya ndowa, anamanga zitenje, n'kuthamangira kukaikankha.

"Ayi amayi, siinafe!" achimwene anakuwa pawindo. "Ndi ya magetsi iyi, imayendera batire!"

"Nanga osalira bwanji?" anafunsa mayi wina wa mpingo wathu, amene pakamwa pake sipalowa ntchentche. "Kaya ndi ya magetsi kaya ndi ya makala, ife takankha kale. Tsegulani tikwere."

Abambo anaseka mpaka kukhala pansi. Achimwene anayang'ana mipando yawo yoyera, anayang'ana mapazi amatope aja, n'kungoseka chamanyazi. Palibe anakwera.

Titatha kudya, achimwene anayamba nkhani imene anadzera. Anati pikapu igulitsidwe, ndipo wogula zitsulo anali atamupeza kale. Anafotokoza kuti yawoyo kuitchaja n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi petulo, siifuna oilo, siifuna mapulagi, ndipo abambo akafuna kupita kuchipatala azingoimba foni.

"Ndi yotchipa kwa amene waigula kale," abambo anatero. "Nanga kuno uitchaja pati, pa kasola ka amayi ako ka foni? Ndipo anthu awa azikwera chani?"

"Ababa, inu si boma," ndinalowererapo ine. "Anthu awa petulo sakuthirirani."

Achimwene ankanena zoona, inenso ndinkanena zoona, ndipo abambo ankadziwa. Pomaliza anavomera, koma anapempha kuti tidikire mvula ithe, chifukwa m'dzinja ndi m'mene tiyi amachuluka ndipo amayi a ku sikelo aja sangathe kusenza masamba onse pamutu.

Mvula isanathe, abambo anadwala chibayo n'kutisiya.

Kwathu mkamwini akamwalira amakagona kwawo, ndipo kwawo kwa abambo kunali kutsidya kwa mtsinje, kutsika chigwa n'kukweranso. Sabata imeneyo petulo kunalibiretu, ngakhale wa m'mabotolo. Galimoto ya achimwene inafika batire ili pang'ono chifukwa ku Blantyre magetsi anali atazima, ndipo ngakhale ikanakhala yodzaza, bokosi silikanalowamo. Pikapu inali pamalo pake, thanki ili gwa. Akuluakulu anayamba kukambirana zosenza bokosi pamapewa.

Mayi wa pa mjigo uja anadzuka. Anapita n'kukachotsa mwala kutayala. Amuna anakweza bokosi kumbuyo, achimwene anagwira chiwongolero, ndipo pikapu inayamba kutsetsereka zii pakati pa tiyi, monga inkachitira kale, anthu akuimba pambuyo pake. Othyola anatula madengu n'kuima. Titawoloka mlatho chitunda chinayamba, ndipo onse anaika mapewa: amayi a ku sikelo, opita ku chigayo, ngakhale aphunzitsi aja, malaya oyera ali matope okhaokha. Achimwene anapatsa wina chiwongolero, anatsika ndi suti yawo n'kukankha nawo, misozi ili chuchuchu. Ine ndinali pambali pa mayi uja, manja pachitsulo chimene ndinkakankha kuyambira ndili mtsikana.

Titafika pamwamba, mayiyo anapukuta thukuta ndi chitenje, anagogoda bokosi pang'ono ndi chala, n'kunena kuti, "Lero mwakwera osakankha, adalaivala. Koma musalipire."

Wogula zitsulo anabweradi mvula itatha. Achimwene anamubweza okha. Iwo akuyendabe pa ya magetsi ija, ndipo amati yawapulumutsira ndalama zambiri, zimene sindikukana. Masiku ano akamakwera chitunda cha kwathu amaima pa mjigo n'kutsegula zitseko. Pikapu ikadali kumtunda kwa nyumba, itayang'ana kumtsetse, ndipo amayi anga salola munthu kukhudza mwala uja.