Mtsikana Woima Kuseri kwa Mpando

Pa boma la Lundazi, kuseri kwa msika, panali kanyumba ka malata momwe a Haswell Zimba ankaonetsa kanema. Mazenera anatseka ndi masaka kuti masana mukhale mdima, ndipo jenereta yawo inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Makaseti a nkhonya ndi mfuti analipo, koma alimi akagulitsa mtedza ankafuna imodzi basi: yakalekale ija, ya banja la azungu lolemera mpaka kupusa, lomwe galu wawo ankadyera patebulo atamangidwa kansalu m'khosi, antchito akumeza malovu.

Mawu a kasetiyo anafa kalekale, choncho wolankhula anali a Haswell. Ankaima pambali, kandodo m'manja, n'kumaika mawu m'kamwa mwa azunguwo, apa Chinyanja, apo Chitumbuka. Chingerezi sankachidziwa, ndipo panalibe wodandaula. Pamene ankapha anthu ndi phwete m'pomwe pankaoneka mtsikana wantchito ataima kuseri kwa mpando wa dona, mbale ili m'manja. Milomo yake sinkagwedera n'komwe, koma a Haswell anamupatsa lilime lakuthwa.

"Idyani amayi, idyani! Mukaphulika, wokolopa ndine!"

Anthu ankagwa pamabenchi. Ena ankapalasa njinga kuchokera kwa Mwase kudzamva mawu okhawo.

Lilimelo a Haswell anabwereka kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Watipaso, kamtsikana kosagonja pakamwa. Mayi ake atamwalira mu 1993, kunabwera ankhazi ake, a Eness, mlongo wa a Haswell wokwatiwa ndi mwini malole ku Lusaka, n'kumutenga ati akaphunzire. Mawu a ankhazi sabwezedwa. Bambo anatsala m'nyumba ya zii, akumusowa mwanayo mpaka chakudya kukanika kutsika. Akalankhulira mtsikana wa m'kanema uja, ankamva ngati Watipaso ali pomwepo, akuwayankha mwano monga kale.

Zaka zinapita, kenaka a Eness anabwera naye kudzaika mwala pamanda a mayi ake. Watipaso anali atatalika, waulemu kwambiri, wa mawu apansi. A Haswell anamukhazika pa benchi yakutsogolo, ndipo masana amenewo anaseketsa anthu kuposa masiku onse. Atacheuka kuti aone mano a mwana wawo, anapeza sakuseka. Maso ake anali pa mtsikana wa mbale uja.

Anthu atatuluka, a Haswell anamufunsa, "Wati, mwana wane, sunaseke. Kansi nakalamba?"

"Yayi adada, museketsa. Koma uja sangakambe chonchi. Akakamba, agona na njala." Analoza kanemayo. "Bwezani muone. Miyendo ikawawa umasintha pang'onopang'ono, kuti asakuone. Nayenso achita."

Anabweza kaseti. Zoonadi, mtsikanayo ankapumitsa phazi lina, kenaka linzake, mwakabisira. Zaka zonsezo a Haswell ankayang'ana milomo, mapazi sanawaonepo.

"Nanga sukulu?"

Watipaso anapukusa mutu.

Tsiku lomwelo a Haswell anapita kwa mlongo wawo kukapempha mwana. A Eness sanakweze n'komwe mawu. "Adumbu, mwana adya bwino, avala bwino. Mufuna azikhala mu mdima na imwe, kununkha utsi wa jeneleta?" Akuluakulu a pabanja, pakamwa pali mafuta a mbuzi yomwe a Enesswo anagula, anavomereza ndi mitu. Ndipo munthu uja wopatsa azungu malilime anasowa lake pamaso pa mlongo wake. N'zokwiyitsa, koma ndi mmene zinakhalira. M'mawa mwake basi ya ku Chipata inanyamuka, Watipaso ali pawindo, atanyamula chikwama cha ankhazi ake pamiyendo.

Kasetiyo sanaitaye. Ankaionetsabe, galu ankamulankhulirabe, dona ankamunyozabe, anthu n'kumaseka. Koma ikafika pa mtsikana uja, kandodo kankatsika, m'nyumbamo n'kumangomveka jenereta.

"Kambani a Zimba! Akuti chani?"

"Sakamba," ankayankha osacheuka. "Onani mapazi."

Anthu ankang'ung'udza kuti mdala wayamba kuiwala ntchito, ndipo a kwa Mwase anasiya kupalasa njinga. A Haswell analibe nazo kanthu. Ankaima pomwepo mpaka mtsikanayo atasintha phazi, pakuti uthenga wa mwana wawo wochokera ku Lusaka unali wokhawo.