Fodya wa m'mphasa

Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi buku lobwereka, lonunkha fumbi ndi mphemvu. Ndinamufunsa katatu amene anamupatsa.

Fungo limenelo ndi la nyumba ina pa boma pa Lundazi, ndili Giredi 4. Bambo a m'nyumbamo ankalemba masewero a pa wailesi. Mabuku anali mbwee mpaka pansi pa mipando. Loweruka masana ankalumikiza vidiyo ku batire la galimoto, n'kumaseka okha poseketsa pasanafike. Ana tinkaonera ulere, bola uyambe wawauza nkhani ya kwanu.

"Iwe, kunyumba kuli zotani? Kamba, filimu iyambe."

Ndinawauza kuti atate amazembetsa fodya ku Malawi atamukulunga m'mphasa ngati maliro, belu la njinga atalimanga kansanza. Analemba osandiyang'ana.

Patapita miyezi sewero la bambo aja linamveka pa wailesi, anansi atadzaza pakhonde pathu. Mphasa inalimo, ndi kansanza komwe. Onse anafa nako kuseka, kupatula mnansi wathu wapolisi, amene ankayang'anitsitsa njinga yotsamira khoma.

Atate anatsitsa mawu a wailesi pang'onopang'ono.

"Mwaŵana, zaninge kuno mose," anatiitana anafe tonse m'chilankhulo cha kwathu.

Abale anga anathamangira kwa atate. Ine ndinatsala pomwe ndinakhala.